Mphindi Zitatu za M'chipinda cha Azimayi

Nasrin sanadikire kuti vidiyo ithe. Anatambasula dzanja n'kutseka laputopu mwamphamvu, moti Tuntufye anadzidzimuka pampando.

"Iwe, uswa laputopu ya amayi. Chavuta n'chiyani?"

"Ukundifunsa ine?" anatero Nasrin. "Zimenezi ndi zimene ukufuna kupititsa ku mpikisano?"

Atsikana awiriwa anali a Fomu 3 pasukulu imodzi, ndipo chinzawo chinali cha ponda apa nane mpondepo. Tuntufye ankakhala ku Area 47 ndi mayi ake, omwe ankagwira ntchito ku Capital Hill. Nasrin ankakhala ku Old Town, kuseri kwa msewu wa Malangalanga, kumene bambo ake, a Hamdani, anali ndi shopu ya nsalu. Masabata awiri m'mbuyomo mkulu wake wa Nasrin, Suhaila, anakwatiwa, ndipo Tuntufye ndiye anajambula zochitika zonse pafoni. Anajambula azibambo akuchokera kumzikiti, mapoto a mpunga wa pilau, ndi galimoto zokongoletsedwa ndi maliboni. Koma tsiku loti mawa ndi ukwati anamulowetsanso m'chipinda cha azimayi okhaokha, mmene ankamulemba Suhaila maluwa m'manja ndi utoto wa hina. M'menemo azimayi anavula mahijabu awo, mipango yofunda kumutu ija, n'kumaimba ndi kuvina momasuka, chitseko chili chotseka.

Kenako kunamveka za mpikisano wa mafilimu a ana asukulu. Filimu iliyonse inayenera kukhala ya mphindi zisanu, kuperekedwa pofika Lachisanu, ndipo Loweruka onse akaonetsedwa pachinsalu chachikulu mu holo ina ku City Centre. Wopambana akalandira kamera yeniyeni. Tuntufye ankaifuna kamera imeneyo moti ankachita kuilota masana.

Aphunzitsi a kalabu ya makompyuta, a Lekani, anali atawaonetsa pulogalamu yokonzera mavidiyo yotchedwa Shotcut. Anati imeneyi aliyense angaitenge pa intaneti osalipira, chifukwa amailemba ndi anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ntchito yawo amaiika poyera. Tuntufye anaiphunzira m'masiku ochepa. Anadziwa kundandalika zithunzi pamzere wapamwamba ndi mawu pamzere wam'munsi, kudula pano n'kulumikiza apo. Kuyambira pamenepo mwanayu ankayenda ngati ndiye mwini wailesi yakanema, ndipo ukamufunsa kanthu ankayamba waoneka wotanganidwa. Pa mphindi zisanu za filimu yake, zitatu zinali za m'chipinda muja. Phokoso la azimayi analitseka, n'kuikapo nyimbo yozizira, ndipo Suhaila ankazungulira pang'onopang'ono, tsitsi lake lalitali likuuluka.

"Koma waona mmene zakongolera?" anatero Tuntufye. "Iyi ndi art, Nasrin. Pamenepa ndiye pali filimu yonse."

"Pamenepo pali achemwali anga opanda hijabu. Pali amayi anga, pali azakhali. Ukufuna awaonere a Lekani, anyamata a Fomu 4, alonda a mu holo, aliyense wokhala ndi maso?"

"Ndi tsitsi chabe. Si kuti ali maliseche."

Nasrin anamuyang'ana ngati sanamuonepo. "Tsitsi chabe. Suhaila chiyambire kuvala hijabu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, palibe mwamuna wachilendo analionapo. Wangolowa kumene m'banja. Apongozi ake akamva kuti mkamwana wawo akuvina mutu uli pamtunda ku City Centre, ukawayankha ndiwe?"

"Nanga munandilowetseranji ndi foni? Palibe anandiuza kuti ndi zachinsinsi."

Zinali zoona kuti palibe anamuuza. Koma pali zina zosafuna kuuzidwa. Munthu wa Fomu 3 waona chitseko chikutsekedwa, waona ngakhale a Hamdani eni nyumba akubwezedwa pakhonde, ndiye akuti ankadikira kalata? Nzeru zonse zodulira mavidiyo zija, pamenepa pokha zinam'thawa.

"Masiku asanu ndakhala ndikukonza zimenezi," anapitiriza Tuntufye, naye atapsa mtima. "Ndikachotsa pamenepo nditsala ndi mapoto a mpunga. Inu mumangofuna chilichonse chizibisidwa."

"Inu," anabwereza Nasrin chapansipansi. "Lero tasanduka inu."

Ananyamula chikwama chake n'kutuluka. Tuntufye sanam'perekeze kokwerera minibasi monga ankachitira nthawi zonse. Anangomva geti ikulira.

M'mawa mwake Nasrin anakakhala padesiki lina. Tuntufye ananamizira kuti sizikumukhudza, ndipo pa buleki anapita kwa a Lekani kukawafotokozera za filimu yake. Laputopu anali ataisiya kunyumba, choncho aphunzitsiwo sanaone kanthu. Za mahijabu sanazitchule n'komwe.

"Zikumveka bwino," anatero a Lekani. "Koma ndikutsine khutu. Oweruza sakonda filimu yomira mu nyimbo. Ngati anthuwo ankaimba okha, asiye amveke. Mawu awo ndiwo moyo wa filimu."

Lachitatu ataweruka, Tuntufye anatsegula laputopu adakali ndi mkwiyo. Poyamba anayesa nzeru ina. Mu pulogalamu muja muli njira yophimbira malo ena kuti azioneka mwachimbuuzi, ndiye anaiika pamitu ya azimayi onse. Zinatuluka zoopsa, ngati mizukwa yovala zitenje. Anazichotsa msanga, n'kudziuza kuti wayesetsa, olakwa ndi ouma mutu aja.

Kenako anatsata malangizo a aphunzitsi. Anavala mahedifoni, n'kuchotsa nyimbo ija, n'kutsegula mawu a m'chipinda. Nyimbo ya azimayi inayambira pakati, chifukwa koyambirira kwa vidiyoyo anali atakudula. Foni inali italoza pansi pamenepo, ikungoonetsa masilipasi a pakhomo. Koma mu pulogalamuyi chimene wadula sichitayika. Ukakoka m'mphepete mwa kachidutswako, chimabwerera. Anakoka, n'kuyamba kumvetsera.

Mawu oyamba anali a azakhali a Sakina, mlongo wawo wa a Hamdani, mayi wosabisa mawu.

"Alamu, foni ikulowa muno? Mwana wa eni ake ameneyu, zathu sazidziwa. Aisiye panja."

Ndiye kunamveka mayi a Nasrin, modekha. "Musiyeni, alamu. Ameneyu wakulira pamkeka wanga, ndi mwana wanga. Suhaila akufuna adzazionere yekha m'tsogolo. Chithunzi chimodzi chikadzatuluka m'nyumba muno, mudzandifunse ine."

"Mwanena nokha."

"Ndanena."

Pamwamba pa mawu amenewo panamveka liwu lachitatu, lokwera, la munthu wosamva chilichonse cha pambali pake. Linali la Tuntufye mwini wake. "Tatsegulaniko katani uyo pang'ono, muno mukuda."

Anabwereza katatu. Ulendo wachitatu anavula mahedifoni. Mayi aja anamuimira pamaso pa abale a amuna awo, iye ali pompo, koma mtima wake unali pa katani. Manyazi anamugwira, amene amakugwira uli wekha m'nyumba, opanda woti umunamize.

Anasankha mphindi zitatu zija n'kuzichotsa. Pamzere panatsala mphindi ziwiri za mapoto ndi maliboni, zosakwanira mpikisano, ndipo nthawi yojambula zina panalibe. Zinamupweteka kwambiri, ndipo analira ndithu, chifukwa kamera ija anaiona ikupita. Atatha kulira anakonza vidiyo ina ya m'chipinda muja, yathunthu, ya mawu a azimayi eni ake. Laputopu inalira ngati ikudwala chifuwa kwa mphindi makumi anayi isanamalize. Anaiika pa fulashi, n'kufufuta zonse zotsala mu laputopu.

Lachinayi anakwera minibasi ya ku Old Town atavala yunifolomu. Anadutsa pakati pa ogulitsa zitsulo ndi akabaza, n'kukhotera m'kanjira ka kwa a Hamdani. Pakhonde anapeza mayi a Nasrin akusita, Nasrin akupinda zovala, ndipo pampando panali azakhali a Sakina. Mmene azakhaliwo anamuyang'anira, Tuntufye anadziwa kuti nkhani inafika kale.

Anagwada pansi, n'kupereka fulashi ndi manja awiri.

"Amayi, ndinalakwa. Vidiyo ija ndi iyi, ndi ya achemwali a Suhaila. Ku mpikisano sindipititsa. Mu laputopu ndafufuta. Zatsala mufoni muno, ndimafuna afufute Nasrin ndi dzanja lake."

Nasrin analandira foni osamuyang'ana. Anafufuta, kenako anatsegula kumene kumakhala zinthu zofufutidwa, n'kufufutanso komweko.

"Waonera ndani?" anafunsa azakhali.

"Nasrin yekha."

"Aphunzitsi ako aamuna aja?"

"Ayi, azakhali. Laputopu ndinaisiya kunyumba."

"Ndiye watipulumutsa ndi mwayi, osati nzeru zako." Azakhali anawongola msana. "Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinavina tsiku lija chifukwa ndimati ndili pakati pa ana anga. Iwe umafuna ukandipachike pakhoma ku City Centre, anyamata azikandiimbira likhweru? Madzi akatayika saoleka, mwana iwe. Ukanapepesa kwa ndani, Lilongwe yense?"

Tuntufye anakhalabe chogwada.

"Ndipo amene wavutika si ine," anapitiriza azakhali, akuloza mayi a Nasrin ndi mutu. "Ndi awa. Anabwera okha kwathu Lachiwiri kudzandiuza kuti alamu, munkanena zoona. Ukudziwa kulemera kwake kwa mawu amenewo?"

Mayi a Nasrin anaimika simbi. Sanakalipe, ndipo Tuntufye akanakonda akanakalipa.

"Dzuka, Tuntu, udetsa yunifolomu," anatero. "Wabwera wekha, zimenezo ndaziona. Loweruka Suhaila akubwera kudzationa. Tidzaonera tonse. Udzabwere, ndiwe unajambula."

Loweruka, nthawi imene anzake a kalabu ankalowa mu holo ku City Centre, Tuntufye anali kuvula nsapato pakhomo la chipinda chija. M'kati munali mutadzaza kale. Suhaila anali pamkeka, hina itayamba kufufuma m'manja, akuseka ndi azisuweni ake. Nasrin ankalumikiza fulashi ku TV, ndipo atamuona anasuntha chikwama kuti pambali pake pakhale malo.

Tuntufye anati aponde m'kati, koma azakhali a Sakina anaima pakhomo. Anangotambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba.

Tuntufye anayang'ana kwa mayi a Nasrin. Anali pomwepo, atanyamula thireyi ya makapu, ndipo anaona zonse. Ulendo uno sananene kanthu.

Anapisa m'thumba, n'kutulutsa foni, n'kuiika m'dzanja la azakhali. Iwo anakaiika pawindo la pakhonde, anamulowetsa, n'kutseka chitseko.