Dzina Limene Evelina Anafufuta

Lachisanu limenelo Evelina Kaliwo anatuluka mulaibulale ya yunivesite ku South Bend cha m'ma sikisi, kunja kuli kale bii monga zimakhalira mu Disembala. Anali atatopa mpaka m'mafupa. Zaka zisanu akulemba buku la digiri, Loweruka ndi Lamlungu akunyamula odwala ku Indianapolis. Kodi munthu ndi chitsulo?

Kafukufuku wake anali wa nthano zakale za ku Mangalande, za m'ma 1860, zimene ofufuza milandu ake anali akazi. Buku lina linatuluka lopanda dzina la mlembi, ndipo Evelina anapeza makalata osonyeza kuti analilemba ndi telala wina wamkazi, Honoria Pell. Aphunzitsi a komiti yoyesa buku lake anakana. Ati umboni wachepa, akatswiri onse amati analemba ndi mwamuna.

"Chotsa dzinalo umalize mu Meyi," anamuuza. "Apo ayi, chaka china."

Chaka china, viza ikutha? Madzulo omwewo analifufuta malo onse makumi anayi, n'kutumiza bukulo. Zinamupweteka, koma anatumiza.

Akupita kusiteji ya basi anapeza mayi wachizungu wokalamba, diresi lakuda likukhwekhwerezeka m'sinowo, chikwama chachikopa kumanja. Kuno anthu amangodutsana ngati mitengo. Koma Evelina analeredwa ku Ntcheu, kumene mwana sadutsa wamkulu ali ndi katundu. Manja anapita okha, onse awiri.

"Ndikulandireniko, mayi."

"Mukudziwa chimene mukulandira?" anafunsa mayiyo m'Chingerezi chakale, cha m'mabuku.

Evelina anaseka, n'kulandira. Mayo ine! Kachikwama kakang'onong'ono, kulemera ngati thumba la simenti. Anayenda limodzi. Msewu unali zii.

"Mumasamalira odwala," anatero mayiyo osamuyang'ana n'komwe. "Zala zang'ambika ndi sopo. Simunadye chichokereni m'mawa, mukuyenda mopepesuka. Ndipo lero mwafufuta munthu."

Evelina anaima. Mpweya wake unkatuluka ngati utsi chifukwa cha kuzizira. Pakamwa pa mayiyo sipankatuluka kanthu.

"Ndinatopa," anatero Evelina.

"Inenso, mwana wanga. Ndayenda nacho zaka zana ndi theka, palibe anandilandirapo. Zikomo."

Basi inakhota pakona, magetsi ngwee. Mayi kunalibe. Chikwama kunalibe. Koma phewa linkalemerabe, mpaka khadi ya basi anatulutsa ndi dzanja lamanzere.

Atafika kuchipinda kwake anatsekula laputopu jekete ali chivalire. Dzina la Honoria Pell linali litabwerera malo onse makumi anayi. Anapita patsamba loyamba, pamene pamakhala dzina la mwini bukulo. Panali poyera. Analemba dzina lake, zilembo zinazimirira chimodzichimodzi. Analembanso. Chimodzimodzi.

Anaimbira foni Vainess, mkulu wake wa kwa amalume, yemwe ndi nesi ku Lawrence.

"Iwe Evelina, mutu wako ukuyenda?" Vainess anakalipa. "Katundu wa munthu wosamudziwa, ku America kuno? Ulemu winawu muzisiya pa eyapoti!" Kenaka anatsitsa mawu. "Anakuuza kokatula?"

"Ayi, achemwali."



Lamlungu, mapemphero a Amalawi atatha, amayi ankanong'onezana za Evelina pakhomo atakumbatira majekete. Ena ankati ndi kusagona, mashifiti awa adzatipha. Mayi wina wachikulire anapukusa mutu. Ati wakufa akakusenzetsa katundu, ndiye kuti iye wapuma, wotsala ndi iwe.

Lolemba m'mawa mkulu wa komiti analembera ophunzira onse a m'dipatimenti. Anati walandira buku labwino zedi, lamukhutiritsa kuti Honoria Pell ndiyedi mlembi, ndipo liyenera kusindikizidwa. Ankangopempha kuti amene akudziwa mwini wake amudziwitse.

Evelina anapita yekha kukagogoda paofesi, phewa lili lende. Bamboyo, amene anamuphunzitsa zaka zisanu, anatsekula chitseko n'kumwetulira mwaulemu.

"Mukufuna ndani, mayi?"