Chipinda chozizira cha mumgodi wa a Hostetler

Sindikonda kukamba nkhaniyi, koma ndi yoona. A Wendell Kreider, amene ndawerenga nawo mileme zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'mapiri a Pennsylvania, anali pomwepo, ndipo akadali moyo.

Ntchito yathu ndi yolowa m'migodi yakale mu February, pakati pa nyengo yachisanu, mileme ili m'tulo take ta miyezi. Timanong'onezana, ndipo sitipitirira ola limodzi, chifukwa mpweya wa munthu umaidzutsa. Mleme ukadzuka pachisanu, mafuta ake amatha, n'kufa ndi njala. Chuku choyera chomera pamphuno pawo chimachitanso zomwezo. Chimakonda malo ofunda ndi achinyontho. Kozizira kwambiri chimafooka.

Mgodi wa a Hostetler unali wozizira, n'chifukwa chake munatsala mileme pamene kwina konse inatha. Koma thole lawo litagwera m'dzenje la pamwamba lolowera mphepo, analitseka ndi matabwa ndi dothi. Sanatiuze. Sindiwaimba mlandu, ndi munthu amene amatichotsera chipale chofewa pamsewu tisanapemphe.

Tinafika masana. Mileme itatu inkauluka padzuwa, pamwamba pa chipale.

"Achemwali, pempherani kawiri lero," anatero a Wendell akundipatsa khofi wawo. "Langa pemphero limathera padenga."

Tinatsegula loko wa pachitseko cha mgodi. Anali wadzimbiri, monga tinamusiyira chaka chatha.

M'kati munali mofunda. Makoma ankatuluka thukuta. Fungo linali la chinthu chovunda, losakanikirana ndi la dothi lonyowa. M'chipinda chachikulu, mmene tinawerenga mileme mazana asanu ndi atatu chaka chatha, tinaipeza pansi, itafa. Sindinalire. Ndinali nditatopa nako kulira. Ndinkangosamala poponda.

Kenako mphepo yozizira inandikhudza m'akakolo.

Inkachokera kumpoto, kunjira imene inagumuka agogo athu asanabadwe. Pamapu athu pali mtanda pamenepo.

"Kulibe njira uko," ananong'ona a Wendell.

"Ndikudziwa, achimwene."

Tinapita. Pamiyala yogumukayo panali bowo, lokwana mutu wa munthu. Miyala yochotsedwa inali itasanjidwa pambali, bwinobwino, yaikulu pansi. M'mbali mwa bowolo munali mikwingwirima ya piki. Yoyera. Yatsopano.

Ndinawalitsa tochi pamatope. Mapazi anali athu okha.

Ndinasuzumira. Kachipinda kouma, kozizira mpaka mano kuwawa. Padenga, mileme, yothinana ngati mphesa. Mphuno zakuda, zopanda chuku. Ndinawerenga mumtima: mazana awiri ndi khumi ndi iwiri. Yonse ili m'tulo.

A Wendell anavula chipewa.

"Hostetler sangakwanitse izi," anatero. "Ndi nsana wopweteka uja?"

"Komanso kiyi ali ndi ife," ndinatero.

Apo m'pamene tinamva. Kuseri kwa kachipindako, m'kati mwa thanthwe. Go. Chete. Go. Chitsulo pamwala, koma chofewa, ngati achikulunga nsanza.

Dontho la madzi linagwa. Go.

A Wendell anayang'ana wotchi. "Ola lakwana."

Sitinathamange. Kuthamanga kukadadzutsa mileme. Tinayenda pang'onopang'ono, ine ndikunena Salimo mumtima, kugogodako kukupitirira kumbuyo kwathu.

Sabata yomweyo, titawauza, a Hostetler anachotsa matabwa aja, akupepesa. Pafomu ya boma imene timalembapo chiwerengero cha mileme pali malo olembapo amene wasintha kayendedwe ka mphepo mumgodi. Ndinakhala nayo masiku atatu patebulo. Ndinaitumiza malowo ali osalemba.