Timota ta M'akakolo mwa Atelala

Pakhomo pa atelala panali mtendere woti ngakhale mphaka ankadikira pemphero asanadye. Kenaka bambowo anadwala matenda onjenjemeretsa aja madokotala amati Pakinsoni. Kapu ya tiyi inkalira pa sosala ngati belu la sukulu, ndipo poyenda mapazi ankangoti gwa! ngati aponda ulimbo.

Ofufuza a kuchipatala anawalowetsa m'kafukufuku. Anawamanga timalamba tiwiri m'akakolo, tokhala ndi timota tonjenjemera mosinthana: vuu kumanzere, vuu kumanja. Mwendo ukamva vuu, unkakumbuka ntchito yake.

"Sitikudziwa ngati zithandiza aliyense, n'chifukwa chake tikuyesa," anatero adokotala. "Koma musamatuluke osavala."

Atelala anayenda! Ankaguba pabalaza ngati msilikali, amayi akululutira mpaka aneba kusuzumira pawindo.

Ntchito yotchaja timalambato inapatsidwa kwa mwana wawo womaliza, amene onse ankangomutcha Mzime. Anali mnyamata wa kwaya, koma kukhosi kwake kunali kutayamba kuyabwa mowa.

Tsiku lina anapita nato pa benchi la mnzake wokonza mafoni kukafuna chaja. Wamafoni anatsegula kamodzi, maso tong'o!

"Aise, kamota aka n'kofanana ndi kamene kamanjenjemeretsa foni! Makasitomala akundipha nako. Ndigaire kamodzi, botolo lili pa ine."

"N'ta madala."

"Madala ako amanjenjemera kale okha, ulere! Akufuniranji tiwiri?"

Mzime anaseka mpaka misozi. Kamota kakumanzere kanatsala pa benchi.

M'mawa mwake atelala anayenda chozungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, mwendo wamanja ukuthamanga, wamanzere ukukana.

"Iwe, kakumanzereka kakhaliranji chete?" anafunsa amayi.

"Batire, amayi. Zinthu za masiku ano."

"Nanga mpweya wakowu nawo ndi batire? Mwananga, kamene ukuseweretsako ndi miyendo ya bambo ako."

Bambo anangoti, ndi mawu awo otsika aja, "Msiyeni, mayi. Mwana wanga sangandibere mapazi."

Pasanapite sabata, kachiwirinso kanapita. Mzime anamata timalamba topanda kanthu m'kati, natisiya pa tebulo la makina osokera, iye ulendo ku bala dzuwa lili paliwombo.

Amayi anali kumsika. Mneba atawauza atelala kuti mwana wawo akugubuduzika pakhomo pa bala, anadzimanga okha timalambato ndi zala zonjenjemera, nanyamuka kukamutenga. Anakwawira ndi makoma mpaka pamsewu waukulu. Anaponda kamodzi, kawiri, katatu. Pakati penipeni mapazi anati gwa!

Amene anaona amati bamboyo sanakuwe. Anangoweramitsa mutu kuyang'ana m'akakolo, kudikira vuu. Lole inaliza hutala, inalira mabuleki, koma katundu anali wolemera.

Pamaliro adokotala anatsegula kalamba kamodzi. Anayang'ana m'kati, anayang'ana Mzime, natseka. Amayi nawo sanamutukwane. Anangomuikira timalambato m'manja.

Mzime mowa anasiya, koma kusiyako sikunamugulire mtendere. Wamafoni anaika timota tija m'mafoni a anthu, ndipo sakumbuka kuti a ndani. Lero foni ikangoti vuu pa tebulo, m'basi, ngakhale m'thumba la abusa pakati pa ulaliki, Mzime amauma pomwe ali, thukuta kamukamu. Amati akumva masilipasi akukhwekhwereza kumbuyo kwake, phazi limodzi, kenaka kudikira linzake. Wathamangira anthu osawadziwa m'misewu: "Pepani achimwene, foni yanuyo munakonzetsa kuti?" Ana amamuseka. Kunyumba kapu ya bambo ake ili phee pa sosala, ndipo iye sadutsa pafupi nayo.

Inu anyamata, tchimo silibwera ndi nyanga. Limabwera likuseka, likuti "kamodzi kokha". Musabe kanthu kamene munthu wofooka watsamira, kachepe bwanji, pakuti mudzakamva kakulira moyo wanu wonse.