Malo Achinayi Padenga la Galimoto

Dzuwa likapendeka ku Bairro 25 de Setembro, dera lina la m'tauni ya Moatize, amuna anzake ankalowera kokamwa mowa, koma Celso ankatulutsa ndowa ziwiri. Ntchito yake inali yopukuta magalimoto a anthu a kumgodi, ndipo galimoto yake yofiira ndiyo inkamuitanira makasitomala. Ankayamba ndi kutsuka fumbi la malasha ndi madzi okha, poti ukalipukuta louma limakanda penti ngati mchenga. Kenako sopo, kenako masa, phala lochotsa mokandika, pomaliza sera woteteza penti. Akatha ankathira madzi padenga la galimoto n'kumaonerera timadontho tikugubuduka. Mkazi wake Noémia ankamuseka kuti galimotoyo ndiye mkazi wamkulu.

M'mawa womwe kunamveka maliro a Fausto, mnansi wawo amene anagona bwinobwino osadzukanso, Celso anathira madzi padenga monga mwa masiku onse. Madzi anagubuduka ponseponse kupatula malo awiri oyandikana. Pamenepo sera anali atafufutika, ndendende ngati panakhala anthu awiri. Matayala anali ndi matope ofiira a kumapiri a Zóbuè, chonsecho ku Moatize mvula inali isanadonthe, ndipo makiyi anagona m'thumba mwake. Galimoto yonse inkanunkha dothi longokumba kumene.

Munthu wina akanathamangira kutchalitchi. Celso, ndi kuuma mutu kwake, anakwiyira sera. Ananyamuka ulendo wa ku Tete kukakalipira mayi Arminda, amene ankamugulitsa zopukutira.

"Mwandigulitsa madzi a mpunga, mayi!"

"Sera wamadziyo sapirira dzuwa la kuno. Tengani wa m'chitini, mupakire pamthunzi, kawiri."

Anapakadi kawiri mpaka mapewa kuwawa. Patangotha sabata, Denise wogulitsa tomato anagwa pachitsime, osadzukanso. Kutacha, malo ofufutika padenga anali atatu. Celso anaponya nsanza pansi n'kutukwana. Zinamuwawa kwambiri kuti ntchito ya maola anayi ikuonongedwa ndi matako a anthu osadziwika.

Mphekesera sizinachedwe. Ena ankati anamva matayala akudutsa popanda kulira kwa injini, agalu onse n'kuyamba kuuwa. Ena ankati anamva mawu a Denise akupempha kuti amutsitse. Makasitomala anatha ngati makatani. Madzulo ena Crispim, mnzake wa kuubwana, anaima kunja kwa mpanda, osafuna kulowa.

"Achimwene, anthu akuti galimoto yanuyi ikudya anthu."

"Ine ndimangoipukuta!"

"Akafa wina, aitentha. Akuti inuyo mudzakhala muli momwemo."

Mantha anamugwira Celso, koma ndi omwe anamupatsa nzeru. Anatenga masa yotchipa yobiriwira, imene ankainyoza chifukwa ikauma imasanduka ufa womatirira pansalu, wosachoka ndi sopo. Anaipaka mochindikala denga lonse n'kuisiya yosapukuta. Wokhalapo aliyense akanainyamula kumbuyo.

Kutacha anakwera pampando kukasuzumira. Malo atatu anali atakhalidwa. Pambali pake panali malo achinayi, ongozunguliridwa ndi chala, osakhalidwa. Celso anamvetsa kuti wina wasankhidwa kale, ndipo wina ameneyo akafa, moto uja ugwera iye mwini galimoto.

Anazungulira bairo yonse akuyang'ana anthu kumbuyo. Anapita kumsika, kuchigayo, ngakhale pamzere wa madzi. Amayi awiri anamutukwana kuti ndi wopanda mwambo, ndipo wachitatu anamuponyera chigoba cha malambe. Sanapeze kanthu. Anabwerera masana dzuwa likuswa mtengo, kukhosi kuli gwa, atatopa ndi kukwiya.

Anapeza Noémia atawerama pakhonde, akutsuka mbale. Celso anayandikira kuti apemphe madzi akumwa, koma anangoima chilili. Kumbuyo kwa kapulana, chitenje chimene mkazi wake anavala, kunali ufa wobiriwira, mbali zonse ziwiri, ndipo m'zala za kumapazi munali matope ofiira.

Noémia sanatembenuke n'komwe.

"Masa imeneyi ndi yoipa, abambo. Yandionongera nsalu."

"Noémia..."

"Bwererani ku sera wa m'chitini uja. Tinkakhala bwino, ngakhale a Fausto anayamikira."

Celso anabwerera m'mbuyo. Anaganiza zofuula kuti Crispim abwere adzaone. Mkaziyo anakhuthula madzi a mbale, nadzuka, namuyang'ana ndi nkhope yomweyo yachifundo imene anamukwatira nayo. Anatola nsanza yoyera pachingwe n'kumuika m'manja.

"Za moto wa a Crispim musade nazo nkhawa, sadzakupezani. Koma malo achinayiwo mupukutepo bwino lisanalowe dzuwa. Ndimakudziwani inu, simukonda kukhala pafumbi."