Batire la Firiji ya Hamdan

Firiji inali itazimanso. Ruqaya anagwira timabotolo ta insulini ta mlongo wake Hamdan, napeza tayamba kufunda. Mankhwala a shuga akatentha amasanduka madzi chabe, ndipo mumzinda wawo wa Taiz kupeza ena n'kulira. Hamdan anali gone pamkeka, milomo ili gwa. Batire la sola linali lafanso, ngati anzake am'mbuyomu.

Ruqaya anawakakamiza bambo ake, a Muqbil, mpaka anapita limodzi kusitolo ya Fadhel, wogulitsa mabatire.

"Ndipatse la asidi lomwe lija," anatero a Muqbil.

"Lomwe lija? Inu a Muqbil, kwanu kuja kwasanduka manda a mabatire!" Fadhel anaseka. "La asidi silifuna kukamidwa mpaka dontho lomaliza. La lithiyamu ili, likameni tsiku ndi tsiku, likhala zaka. Koma mtengo wake, yambani mwakhala pansi."

Atautchula, a Muqbil anagwira pakamwa n'kulozanso la asidi.

"Ababa, limenelo lifanso," Ruqaya anatero. "Alendo anu amatafuna masamba oledzeretsa a kati pabalaza kuyambira masana mpaka mdima. Mafani, wailesi yakanema, mafoni awo onse. Firiji imatsala ndi chiyani?"

"Ndiye ndithamangitse alendo? Pakhomo pa Muqbil? Ukufuna mzinda wonse undiseke?"

"Asiyeni azibwera. Adzabweranso pamaliro a Hamdan, mudzawayatsire mafani."

Chibadwire Ruqaya anali asanawayankhepo bambo ake chotero, ndipo anachita mantha kwambiri. Misozi inkatsika, koma sanabweze mawu ake.

A Muqbil anamasula lamba wa jambiya, mpeni wopindika umene mwamuna amavala pamimba kuti anthu adziwe kuti ndi mwana wa yani. Anauika patebulo kuti ukhale malipiro a batire.

"Mpeni wa agogo anu?" Fadhel sanasekenso. "Bambo, mudutsa bwanji mumsika?"

"Ndi miyendo. Tsitsa la lithiyamulo."

Anadutsadi mumsika, batire lili paphewa. Amuna ankayang'ana pamimba pawo popanda kanthu, ena akunong'onezana. Mnzawo wina wapabalaza anakuwa, "Muqbil, wakuvula ndani?"

A Muqbil sanacheuke n'komwe.

"Fulumira, mwanangu," anauza Ruqaya. "Mankhwala akutentha."