Kabatani Kakuseri kwa Rauta

Kamzere kobiriwira kanali kataima pa 12 peresenti kwa theka la ola. Tamanda Makwinja anakayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa, koma kanangoti njo, osasuntha.

"Yenda, iwe!" anakuwa uku akumenya tebulo. Kapu inalumpha, tiyi n'kudonthera pansalu yoyera ya amayi ake.

Linali Lachisanu, mu Malichi 2009. Tamanda anali mu Fomu 3, ndipo sukulu yake inamusankha kuti aiyimirire pa mpikisano wolemba nkhani. Anatha masabata atatu akucheza ndi azimayi othyola tiyi, kuwajambula zithunzi ndi kulemba mawu awo. Tsopano zonse zinayenera kutumizidwa pa imelo isanakwane 5 koloko madzulo. Aphunzitsi anamulola kuweruka masana chifukwa m'kalasi monse, kwawo kokha ndi kumene kunali intaneti.

Intanetiyo inkachokera ku ofesi ya esiteti, kumene bambo ake, a Winston Makwinja, ankagwira ntchito yoyang'anira minda. Padenga panali kamlongoti koloza ku ofesiko, ndipo waya wake unkatsikira m'kabokosi kakuda kotchedwa rauta, kamene kankamwaza netiweki m'nyumba popanda mawaya. Bambo akewo ankakasamala kabokosiko kuposa njinga yawo yamoto. Anakatsekera m'kabati yachitsulo pakona ya pabalaza kuopa fumbi, mphemvu ndi alendo okonda kugwiragwira.

Tamanda anawaimbira foni.

"Adadi, intaneti ikukwawa. Nkhani yanga sikupita."

"Ndili pa sikelo, mwana wanga, tiyi wachuluka lero," anayankha bambo ake, mawu awo akupikisana ndi phokoso la thalakitala. "Muimbire Douglas wa ku ofesi. Koma iwe usakhudze chilichonse, wamva?"

Anamuimbira Douglas, mkulu wokonza makompyuta. Foni yake inali yozima. Anaimbanso kachiwiri, kachitatu, mpaka mawu a mayi wa mufoni aja anayamba kumunyansa. Amayi ake nawo anali atapita kumaliro ku Masambanjati. M'nyumba monse anatsala yekha ndi kamzere kake kaja.

Anaimirira n'kusuzumira pawindo. Minda ya tiyi inali itayalana mpaka kuphiri, anthu othyola akuoneka ngati timadontho ndi madengu awo kumsana. Koma chimene chinamukoka maso chinali pafupi. Pakhonde la nyumba yogundizana ndi yawo panakhala Anti Leah, namwino wa pakiliniki ya esiteti, laputopu ili pamiyendo, akulemba mwachangu.

"Ndiye chimenechi!" anatero Tamanda. "Ine ndikuvutika muno, ena akungodya netiweki yathu."

Zoona zake n'zakuti bambo ake ndi amene anawalola Anti Leah kugwiritsa ntchito intanetiyo, n'chifukwa chake sanaikepo pasiwedi. Tamanda ankazidziwa zimenezo, koma tsiku limenelo sanafune kuzikumbukira.

Ku kalabu ya makompyuta kusukulu kwawo palibe amene ankamuposa. Ngakhale aphunzitsi ankamufunsa makina akavuta. Choncho anakhala pansi, nalemba manambala otsegulira tsamba la rauta, ndipo tsambalo linatseguka. Pamndandanda wa makompyuta olumikizidwa panali maina awiri: TAMANDA ndi LEAH.

"Ndingoika pasiwedi basi. Akafunsa ndidzati sindikudziwa."

Koma tsambalo linali ndi timabokosi tambirimbiri ndi mawu achidule amene sanawaonepo. Anasankha ichi, nasintha icho, nadina apo. Tsamba linayera. Anadikira, nadinanso, koma silinabwerere.

Apo anakumbukira zimene mnzake wina ananena ku kalabu, kuti kuseri kwa rauta iliyonse kuli kabatani kobisika, ndipo ukakadina zonse zimayambiranso mwatsopano. Anatenga kiyi pansi pa mphika wa maluwa, natsegula kabati. Rauta inali mkati, tinyanga take tiwiri titapindidwa kuti ikwane pashelefu. Pambali pake panali kabuku ka malangizo. Anakakankhira uko, natenga chipini n'kubaya m'kabowo kakuseri.

Timagetsi tonse tinazima. Kenaka tinayaka kamodzikamodzi: koyamba, kachiwiri, kachitatu. Kachinayi, kamene pansi pake panalembedwa kuti intaneti, sikanayake.

Anabwerera palaputopu. Kamzere kaja kanali katasowa, ndi 12 peresenti yomwe. Wotchi yapakhoma inkati 3:20.

"Ayi, ayi, ayi!" Anazimitsa rauta n'kuyatsanso. Anazula waya, naupemerera, naubwezera. Anaigwedeza rautayo ngati botolo la mankhwala. Kagetsi kachinayi kanakanitsitsa.

Pachitseko panamveka kugogoda. Anali Anti Leah, laputopu ili m'manja, nkhope itasintha.

"Tamanda, kwanunso yaduka? Ndinali pakati pa mayeso. Mafunso makumi anayi, ndafika pa 23, ndipo atseka 4 koloko."

Tamanda anacheukira kukabati kuja. Ankadziwa kuti Anti Leah akuchita maphunziro a unamwino ndi koleji ina yakunja kudzera pa intaneti, koma sanaganize kuti mwina ndi zimene ankalemba pakhonde paja.

"Yangozima yokha, Anti," anatero, maso ali pansi.

Anti Leah anagwada pakabati n'kuyang'ana timagetsi tija. "Ikuoneka ngati yaiwala manambala ake. Tsiku limene a Douglas ankailumikiza ndinalipo, ndinalemba zonse. Dikira."

Anathamangira kwawo n'kubwera ndi kope lachikuto chofiira, lodzaza ndi maina a mankhwala. Chakumapeto kunali mizere isanu ya manambala. Tamanda analumikiza laputopu yake ku rauta ndi waya, natsegula tsamba lija, nayamba kulemba mothamanga. Anadina. Palibe chinachitika.

"Manambala anuwa ndi olakwika!"

"Wawerenga bwino?"

"Ndawerenga! Chinthu chimenechi n'chakutha basi. Adadi akanangogula china."

Anayesanso, nalakwitsanso. Kachitatu anaika manambala a mzere wachiwiri m'bokosi la mzere wachitatu. Wotchi inkati 3:48. Anti Leah anakoka mpando n'kukhala pambali pake.

"Chotsa manja pamenepo. Kukiliniki sitipereka mankhwala tikuthamanga. Ine ndiwerenga nambala imodzi, iwe ubwereze pakamwa, kenaka ulembe."

"Anti, nthawi!"

"Nthawi yatha kale ndi liwiro lakolo. Bwereza: wani, naini, thu."

Tamanda anabwereza, mano ali chikukutu. Mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu. Apo anaona kuti pa maulendo onse aja ankadumpha kadontho kamodzi. Anadina, rauta inazima n'kuyakanso, ndipo patapita kanthawi kagetsi kachinayi kanathwanima.

Anti Leah anatsegula laputopu yawo msangamsanga. Anayang'ana tsamba la mayeso, kenaka anaitseka pang'onopang'ono. Wotchi inkati 4:06.

"Atseka," anatero. "Tumiza zako, tisaphonye tonse awiri."

Tamanda anayambiranso kutumiza. Kamzere kobiriwira kanabwera, kanafika pa 3 peresenti, kenaka kanaima. Anakayang'ana, nayang'ananso laputopu ya Anti Leah imene inali chitsekere patebulo. Tsopano panalibenso wina womudyera netiweki, koma liwiro linali lomwe lija.

"Nanga tsopano chavuta n'chiyani?" anadandaula, misozi ili pafupi.

Anti Leah anatola kabuku ka malangizo pansi pamene kanagwera, natsegula masamba angapo. "Akuti rauta izikhala pamalo okwera ndi poonekera, kutali ndi zitsulo. Tinyanga tiziima chilili. Inu mwaitsekera m'kabati yachitsulo, tinyanga mutatipinda. Ikhala bwanji ndi mphamvu?"

Anaitulutsa. Waya wochokera kudenga unali waufupi, moti anachita kukankha shelefu ya mabuku kuti iyandikire. Tamanda anakwera pampando, naika rauta pamwamba, naimika tinyanga tija. Atachotsa waya wa kulaputopu, timizere tosonyeza mphamvu ya netiweki, timene masiku onse tinkakhala tiwiri, tinafika tisanu.

Kabukuko kanatinso ngati pafupi pali rauta ina, ziwirizo zimasokonezana zikakhala pa chaneli chimodzi. Tamanda anafufuza napeza kuti ya kunyumba kwa bwana wa fakitale, kuseri kwa mpanda, inali pa chaneli 6, chimodzimodzi ndi yawo. Anasintha yawo kuika pa 11, ulendo uno akuwerenga mzere uliwonse asanadine.

Kamzere kanasuntha. Kanafika pa 9, kenaka 10, kenaka kanayambanso kukwawa. Inali 4:27.

"Sizikwana," anatero Tamanda, atagwira mutu ndi manja onse awiri. "Ndachita zonse! Chikufunanso chiyani chinthu chimenechi?"

Anti Leah anaweramira pafupi ndi laputopu, naloza pakona yakumunsi. "Nanga kakuphethiraphethira apaka n'kachiyani?"

Tamanda anadinapo. Panatseguka mndandanda. Panali filimu imene anayamba kukopera Lachitatu, ndi nyimbo zodzaza ma alubamu atatu. Pulogalamu yake inkadziyatsa yokha nthawi iliyonse akatsegula laputopu, ndipo tsiku lonselo inali ikukoka netiweki mwakachetechete. Iye anali ataiwaliratu.

Anaziimitsa zonse. Kamzere kobiriwira kanadumpha: 25, 48, 70. Pamene wotchi inkati 4:41, panatuluka mawu akuti uthenga watumizidwa.

"Eya, zatheka," anatero Anti Leah, akutola kope lawo. "Uwauze adadi ako asaibwezerenso m'kabati."

Tamanda anayesa kusangalala koma sizinatheke. Anti Leah atafika pachitseko, iye anaimirira.

"Anti, sinazime yokha."

Anti Leah anatembenuka.

"Ndinakuonani pakhonde, ndiye ndimaganiza kuti ndinu mukuchedwetsa. Ndimafuna kuika pasiwedi kuti ndikutsekereni kunja. Zitandisokonekera ndinabaya kabatani kakuseri. Adadi anandiletsa, koma ndinabaya."

Kutali, belu la kufakitale linalira. Anti Leah anaika laputopu pampando, ndipo atayamba kulankhula mawu awo anali otsika.

"Miyezi inayi, Tamanda. Ndikaweruka kukiliniki miyendo ikuwawa, ndimakhala pansi kuwerenga. Paukwati wa mng'ono wanga ku Rumphi sindinapite chifukwa cha mayeso amenewa. Kuchoka pakhomo lanu kufika pakhonde langa ndi mapazi angati? Ukanangobwera n'kunena kuti Anti, ndili ndi changu. Ndikanakuuza kuti 4 koloko ndikhala nditamaliza, ola lonse likanakhala lako."

"Pepani, Anti."

"Pepani ndamumva. Koma satsegula mayeso."

Anatuluka, chitseko n'kuchisiya chosatseka.

Bambo ake atafika, nsapato zili matope okhaokha, anaima pakati pa balaza n'kuloza pamwamba pa shelefu. "Ndani watulutsa chimenecho?"

Tamanda anafotokoza zonse, osasiyako ngakhale za filimu. Bambo ake sanakuwe. Anavula chipewa, napukuta kumaso, n'kumuuza kuti atenge pepala. Tsiku lomwelo Tamanda analemba kalata yopita ku koleji ya Anti Leah, yonena kuti amene anadula intaneti ndi iye, ndipo bambo ake anasainira m'munsi.

Yankho linabwera patatha masiku asanu ndi anayi. Akoleji anathokoza chifukwa cha kalatayo, koma anati lamulo silisintha: Anti Leah adzalembenso mu Ogasiti. Sabata yomweyo kusukulu analengeza kuti nkhani ya Tamanda yakhala nambala 3. Anzake anamuombera m'manja pa asembule, iye akungoyang'ana nsapato zake.

Loweruka m'mawa anakagogoda kwa Anti Leah. Kwa masabata awiri moni wawo unali wa mawu amodzi okha. Anawapeza akuchapa yunifolomu kuseri kwa nyumba.

"Anti, ndabwera kudzapempha ntchito. Loweruka lililonse mpaka Ogasiti ndizikufunsani mafunso a m'mabuku anu, inu muziyankha. Ndikhozanso kuchapa, inu muziwerenga."

Anti Leah anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, thovu likudontha m'manja.

"Mabuku anga ali ndi mawu oti lilime lako lipindika."

"Ndiziwerenga pang'onopang'ono."

Anti Leah anapukuta manja pachitenje, nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi buku lalikulu ngati njerwa, naliponya m'manja mwa Tamanda mpaka mtsikanayo anadzandira.

"Tsamba 212, matenda a impso. Khala pamthunzipo. Ukalakwitsa kutchula, ubwereza mpaka ndikhutire."

Tamanda anakhala pansi, natsegula bukulo, naika chala pansi pa liwu loyamba. Linali ndi zilembo khumi ndi zisanu ndi zinayi.