Zala Ziwiri Kumanja

Pakati pa bwalo la basiketibo panatseguka chibowo, ndipo munatuluka mkono wachitsulo utanyamula mpira. Osewera awiri ataliatali anaima uku ndi uku, maso ali m'mwamba. Mkonowo unaponya mpira, onse awiri n'kudumpha, wa kumanja n'kuuphula, masewero n'kuyamba. Makinawo anthu ankawatcha Chiponya, ndipo pofika chaka cha 2071 bwalo lililonse m'dziko muno linali nawo.

Mkono wachitsulowo unali wa a Lufeyo Mtambalika. Mkuluyu anayimbira mpira zaka makumi atatu popanda womunena kuti wakondera. Anthu ankati mpira wake umakwera ngati waukoka ndi chingwe. N'chifukwa chake opanga Chiponya anapita kwa iye. Anamuveka nsalu ya mawaya kuyambira paphewa mpaka kuzala, n'kumuponyetsa mpira kambirimbiri, kompyuta ikuloweza mmene mnofu uliwonse ukukokera. A Mtambalika analibe galimoto, nyumba yawonso inali yongoti ndigonemo. Chawo chinali dzina basi.

Patatha miyezi isanu makinawo atayamba kugwira ntchito, Mayi Nasibeko, katswiri wamkulu wa makinawo, anawaitanitsa ku ofesi. Anawapatsa mpando, koma anazengereza kuyamba nkhani.

"Bambo, matimu akudandaula," anatero mayiwo. "Pa masewero khumi alionse, asanu ndi atatu mpira woyamba ukupita kwa amene waima kumanja."

"Ndiye akonzenitu makina anuwo, mayi."

"Tawamasula kawiri konse. Alibe vuto. Akuponya momwe munawaphunzitsira inuyo. Mpira ukumapendekera kumanja zala ziwiri, moti diso la munthu silingaone."

"Tsiku limene munkandiyezalo ndinali nditatopa."

"Ifenso tinaganiza choncho. Ndiye tinafukula makanema a masewero anu onse, kompyuta yayeza. Ndi zala ziwiri zomwezo, bambo, kuyambira tsiku lanu loyamba." Mayiwo anatsitsa mawu. "Ndipo paja mwambo wathu mukuudziwa, eni bwalo ndi amene amaima kumanja kwa woyimbira."

A Mtambalika anayang'ana mkono wawo uli phee pabondo. Anadikira kuti mtima uwawe, koma sunawawe. Anayesa kukumbukira nkhope za alendo amene ankadumpha pachabe zaka zonse zija, ena atayenda tsiku lathunthu pa basi, koma sinabwere ngakhale imodzi. M'kati mwawo munangoti zii.

"Titha kukonza mwakachetechete," anatero Mayi Nasibeko. "Tinena kuti ndi waya. Palibe adziwe."

"Si waya."

"Bambo, dzina lanu..."

"Lembani zimene mwapezazo, mayi. Mundilembe ndi dzina lomwe." Anayankhula ngati akunena za munthu wina amene anangomva kuti wamwalira.

Potuluka, mlonda wa pageti, bambo wachikulire wokonda mpira, anawavulira chipewa. "Achilungamo athu! Makinawa akanapanda inu, bwenzi akutibera!"

A Mtambalika anagwedeza mutu n'kupitirira. Mawa lake mlondayo adzawerenga nkhaniyo, ndipo iwo sanathe ngakhale kuchita nazo mantha. Anayenda mpaka pokwerera basi, n'kuima pamzere ndi anthu ena onse.

Moyo wawo wonse ankamva anthu akuopa kuti makina adzawalanda za mawa. Palibe anawauza kuti amalandanso za dzulo.